Mayi Sandalamu ndi kabuku ka Mlendo

Lachisanu lapitali chinakwana chaka chiwaikireni m'manda Mayi Elube Sandalamu, koma ine ndinadzuka ndi chimwemwe mpaka kuchita nacho manyazi. Manachesi apsa, abale! Mitengo yalemedwa mpaka nthambi kugunda pansi, lole yoyamba ya chaka chino inali itaima kale panja pa ofesi yathu, anthu ali pikitipikiti ndi madengu. Tsiku lotere mayi aja sankakhala pansi. Koma ineyo panali ntchito imodzi imene ndakhala ndikuizemba chaka chathunthu. M'kabuku kamene iwo ankasamala muli mzere wonena za iwo eni, ndipo potengera lamulo lawo lomwe, mzerewo unayenera kufufutidwa sabata imene tinachokera kumanda.

Ndiyambe ndalongosola za kabukuka, wina angayese ndi ka nyimbo za kwaya. Ine ndimalemba mapulogalamu a kompyuta. Bungwe lathu la alimi a manachesi pano pa boma la Mwanza lili ndi pulogalamu yolembamo mayina a alimi, madengu amene athyola, ndi kumene lole ipite tsiku lakuti. Wolemba ndine ndekha, koma ndili ndi wondithandiza wa AI, makina aja oti ukawauza m'mawu zimene ukufuna, amakulembera pulogalamu madzi a tiyi asanawire. Chilema chake n'chimodzi: ukatseka lero, mawa amadzuka osakumbukira kanthu. N'chifukwa chake pamakhala fayilo ya malangizo imene amayamba wawerenga nthawi iliyonse asanagwire ntchito, yomuuza kuti kuno timachita motere, chakuti usakhudze, ukamaliza uyese mwakuti.

Mayi Sandalamu ndiwo anamupatsa dzina loti Mlendo. Ankati munthu wofika m'mawa uliwonse n'kumafunsa kumene kuli bafa alibe dzina lina. Fayilo ija basi inasanduka kabuku ka Mlendo, mpaka alimi oti kompyuta sanaigwirepo ankakatchula choncho. Mayiwo ankavomereza kuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma ankawonjezera kuti ukapanda kumuonetsa pometa, akumeta ndi nsidze zomwe.

Pulogalamu sanalembepo ngakhale mzere umodzi. Anali otayipa makalata m'maofesi a pa boma kwa zaka zambiri, kenako anakagwira kwa ajenti wina wa katundu kumalire, kudzaza mapepala a mathiraki olowa ndi otuluka ku Zobue. Atapuma anabwerera ku mitengo imene anawasiyira amuna awo, ndipo alimi anzawo anawasankha kukhala mlembi wa bungwe. Tsiku lina ndinangomva mpweya kumbuyo kwa khutu. Anali ataima pamsana panga, magalasi ali pansonga ya mphuno, akuwerenga fayilo yanga.

"A Injiniya, izi walemba ndani?"

"Ndine, amayi."

"Apa mwati mauthenga opita kwa alimi akhale a Chichewa. Uku mmunsi mwati mauthenga onse akhale a Chingerezi. Inuyo mukanakhala wantchito, bwana n'kukuuzani ziwirizi, mukanatani?"

Ndinayankha kuti cha mmunsicho ndi chakale, ndinangoiwala kuchotsa. Anaomba m'manja kamodzi ngati munthu wopeza nkhuku yake yotayika. Matenda amenewa ankawadziwa! Kumaofesi kuja kalata ya malamulo inkabwera, ina n'kubwera pamwamba pake, popanda woti yoyamba ija yatha ntchito, mpaka kalaliki aliyense ankangosankha imene yamukomera. Kuyambira tsiku limenelo kabuku kanachoka m'manja mwanga, ndipo sindikumbuka kuti anandipempha.

Lachisanu lililonse m'mawa ankasindikiza kabuku konse papepala, n'kukhala pampando wawo wa pawindo ndi bolopeni yofiira. Tiyi wopanda mkaka, nachesi limodzi losenda khungu lonse osaduka, makoko pawindo kuti aume. Ankawerenga mokweza, mzere ndi mzere, ngati akuwerenga mayina a odwala m'tchalitchi. Mzere uliwonse unkayenera kukhala ndi chifukwa chake cholembedwa mmunsi mwake. Langizo lopanda chifukwa ankati ndi miseche chabe. Ndipo chifukwa chikafa, mzere nawo uzipita, ngakhale wolemba atakhala ndani. Ntchitoyi ankaitcha kutengulira, poti mtengo wa nachesi wosatengulira umangochuluka masamba.

Akamaliza ankatsegula Mlendo watsopano, wosadziwa kanthu, n'kumupatsa kantchito kakang'ono kuti aone ngati amvera kabuku. Ankayamba ndi moni, "Mwadzuka bwanji a Mlendo," ine n'kumaseka kuti akutaya nthawi. Ankatayipa ndi zala zonse khumi osayang'ana, koma mwamphamvu ya pa makina akale aja, moti batani la chilembo E pa laputopu ya bungwe linathothoka chaka chisanathe. Mlendo akachita bwino ankaimirira n'kuvina pang'ono ndi mapewa. Akalakwitsa sankamunena iye. Ankabwerera papepala kukafufuza mzere umene wamusokoneza.

Koma kuti muwaone Mayi Sandalamu enieni munayenera kubwera sabata yotuluka Mlendo wamakono, eni makinawa akawakonza kuti akhale anzeru kuposa akale. Ankafika atatchena ngati akupita ku chinkhoswe. Ankakhulupirira kuti theka la kabuku linalembedwa pofuna kutchinga zofooka za Mlendo wakale, ndiye wina akabwera tiyenera kuyesanso mzere uliwonse, tione umene ukufunikabe. Ine ndinali nditadzaza m'kabukumo mawu a zilembo zikuluzikulu, oti USACHITE, USAYEREKEZE. Iwo anawadula onse tsiku limodzi.

"Uyu ngwakumva, a Injiniya. Mukamamukalipira chonchi akuchita mantha, ndiye akusiya ndi zoyenera kuchita zomwe."

Anayesa, ndipo zinalidi choncho. Ndinakhala tsiku lonse osawalankhula, iwo akungoimba nyimbo chamumtima.

Tinkakangana, musamve zoti tinali ngati mkaka ndi tiyi. Ine ndine wosunga, wa mtima woti chilichonse chidzagwira ntchito tsiku lina. Mlendo akangolakwitsa kamodzi, ndinkathamangira kukawonjezera mzere. Iwo Lachisanu ankabwera n'kufunsa ngati cholakwacho chachitika kawiri. Ngati ayi, bolopeni. Anakangananso ndi a Jafali, mwini wa lole imene imatinyamulira zipatso, bambo wa sitolo pafupi ndi msika, munthu wamawu ochepa. A Jafali ankafuna mzere woti lole iziyambira midzi ya m'mbali mwa msewu wa tala. Mayiwo anawafunsa kuti mmunsi mwake alembemo chifukwa chanji, choti matayala a a Jafali amadana ndi miyala? Anati ngati ndi choncho alemba ndithu, koma akawerenga pamsonkhano wa alimi onse. A Jafali anangoseka n'kuisiya nkhaniyo.

Tsono bolopeni yomweyi ndi imene inatsala pang'ono kuwoletsa manachesi a amayi khumi ndi mmodzi a ku Thambani.

Munali m'nyengo yothyola, chaka chachiwiri mayiwo atatenga kabuku. M'menemo munali kamzere kanga kakale, koti nambala ya foni isatengedwe ngati chizindikiro cha mlimi. Mmunsi mwake munalibe chifukwa. Lachisanu lina ine ndinali ku Blantyre, ndiye iwo anakapeza kali kokhakokha, anakayang'ana, n'kukadula malinga ndi lamulo. Lolemba ndinamuuza Mlendo kuti akonze m'ndandanda wa alimi, achotse mayina obwerezedwa. Iye anapeza mayina khumi ndi limodzi okhala ndi nambala imodzi ya foni, ndipo monga angaganizire aliyense wosadziwa kuno, anati ameneyu ndi munthu mmodzi wolembedwa kambirimbiri. Anawaphatikiza onse kukhala a Nabanda, madengu atatu.

A Nabanda ali ndi kagolosale kufupi ndi msika wa Thambani, ndipo foni yawo ndi ya mudzi wonse. Uthenga woti thyolani, lole ibwera Lachinayi, unali utapita kale sabata yapitayo. Amayi aja anathyola. Lachitatu a Jafali atayang'ana m'ndandanda anaona kuti ku Thambani kuli madengu atatu okha, anati amenewo adikire ulendo wina. Lachinayi lole inalowera mbali ina, n'kupitirira ku Blantyre. Amayi anakhala pamsewu kuyambira m'mawa, madengu ali ndandanda. Foni ya a Nabanda inali itagwira netiweki ya ku Mozambique, monga imachitira kumeneko, moti anatipeza pa foni dzuwa litapendeka, atakwera pachulu. Mawu amene anandilankhula sindingawalembe pano.

Ine ndinayamba kufufuza pa kompyuta kuti chalakwika n'chiyani. Mayi Sandalamu sanafunse za kompyuta. Anafunsa kuti manachesiwo athyoledwa liti, n'kutenga chikwama chawo, ulendo.

M'mawa wa Lachisanu a Jafali potuluka m'nyumba anapeza mayiwo atakhala kale kutsogolo kwa lole, chikwama pamiyendo, duku lomanga bwino. Masiku amenewo Lachisanu a Jafali sankayendetsa, Mwanza yense ankadziwa.

"Amayi, lero nthawi ya swala ndiyenera ndikhale ku mzikiti."

"Ndiye mukuchedweranji? Lizani galimoto, tipite ku Thambani."

"Nanga msewu uja tikafika nthawi yanji?"

"Tikafika mukaliza. Ine pano sinditsika, a Jafali. Mukafuna mupite nane ku mzikiti konko."

A Jafali anayang'ana kumwamba, anayang'ana ine, n'kukatenga makiyi. Ine anandiuza kuti ndikwere kumbuyo, poti kutsogolo kulibe malo a anthu olemba malamulo opanda zifukwa. Koma liwiro limenelo! Bambo ofatsa aja anaiyendetsa lole ngati akuthawa njuchi, fumbi lili koboo, akabaza akutipatukira, ine nditakakamira chitsulo n'kumapemphera m'zinenero zonse zimene ndimadziwa.

Tinawapeza amayi aja pakhonde la golosale, madengu atawafunditsa zitenje ndi masamba a nthochi. Palibe anatipatsa moni. A Nabanda anaimirira, manja m'chiuno.

"Tamva kuti kompyuta yanu yatimeza. Tonsefe tasanduka ine ndekha. Ndiye kapena ndibereke ndekha madengu onsewa mpaka ku boma?"

Ine ndinali nditakonza kale mawu ofotokoza za makina. Mayi Sandalamu ananditsogolera. Anatsika, anagwada pafumbi pomwepo, mayi wamkulu woposa onse amene analipo.

"Si kompyuta, amayi anzanga. Ndine. Panali mawu okutetezani, ine ndinawafufuta osafunsa. Mundikhululukire."

Kenako mayi wina kumbuyo anati, "Iii, dzukani amayi, mutipatsa tsoka," ndipo a Nabanda, mkwiyo usanawathere, anapezeka akuwagwira mkono kuwadzutsa. Basitu ntchito inayamba. Tinakhuthula madengu onse kusankha. Apansi ena anali atafewa, ena ataphulika, ndipo amenewo tinataya, zoona zake n'zakuti madengu angapo anapita kudzala. Koma ambiri anali bwinobwino. Wina anayambitsa nyimbo, madengu akuuluka kuchoka pamutu kupita m'lole, a Jafali akuyang'ana wotchi uku akulandira. Mayiwo anakhala pa benchi ndi kope, akuitana mmodzimmodzi: dzina lanu, la kwanu, foni mumagwiritsa ya ndani, nanga a Nabanda akachokapo mumamva bwanji uthenga? M'kope limenelo ndi mmene tinadziwira kuti awiri mwa amayiwo ali ndi dzina lofanana ndendende, ndiponso kuti wina analembetsa chaka china ndi dzina la mwamuna wake, chaka china ndi la bambo ake. Ku mzikiti a Jafali anafika nthawi ili bwino, lole yodzaza anaiimika panja pomwepo, msewu wonse ukununkhira manachesi.

Mlandu tinakazengera ku ofesi, chitseko chotseka.

"Munadula ndinu, amayi."

"Eya. Munalemba opanda chifukwa ndinu. Komanso tandiuzeni, Mlendo atamaliza ntchito Lolemba lija, anakuonetsani zimene wasintha?"

Anandionetsa. Tinatsegula, tinapeza kuti anachita kulemba kuti waphatikiza mayina khumi ndi limodzi a nambala imodzi, ndipo ndionetsetse ngati n'zoona. Ine ndinangovomereza osawerenga, ndikuthamangira zina. Nkhope inandigwa. Ndinadikira kuti andimalize, poti mpata anali nawo wonse. M'malo mwake anatenga pepala la kabuku n'kutembenuza tsamba loyamba, pamene panali lamulo lawo lija loti mzere wopanda chifukwa uchotsedwe. Analidula ndi bolopeni yomweyo. Pamwamba pake analemba kuti usanadule mzere, uyambe wafunsa amene anaulemba ndi amene mzerewo umawateteza.

Ichi ndicho ndimawakumbukira nacho kuposa china chilichonse. Ndaona akuluakulu ambiri okonza zolakwa za ena, koma wotengulira lamulo lake lomwe, tsiku lomwelo, wamng'ono akuona, ndaona mmodzi yekha. Mzere wa foni uja unabwerera uli ndi chifukwa chotalika kuposa mzere weniweniwo: ku Thambani amayi khumi ndi mmodzi amamvera pa foni imodzi ya a Nabanda. Anandilamulanso kuti ndilembe mayeso a pulogalamu okhala ndi alimi ambiri pa nambala imodzi, kuti tsiku lina wina akadzawaphatikizanso, kompyuta idzakuwe lole isananyamuke. Ndipo kuchokera chaka chimenecho, nyengo yothyola isanayambe, ankatenga kabuku n'kukakawerenga m'Chichewa ku makalabu a alimi. Anthu ankatsutsa, ankawonjezera, a Nabanda ankakhala kutsogolo.

Mzere wonena za iwo uja unalowa pambuyo pake, maso atayamba kuwavuta. Anali atayesa kubisa, koma ndinawagwira akuyandikitsa mphuno pa sikirini. Mlendo amakonda tizilembo ting'onoting'ono tooneka bwino kwa achinyamata a m'tauni, ndiye anamulembera kuti zilembo za pa sikirini ndi za papepala zikhale zazikulu. Mmunsi mwake: chifukwa ndi maso a Mayi Sandalamu, akadzapita muonenso. Ndinawauza kuti mawu omalizawo ndi amalodza, achotse. Anati iwo salemba chifukwa chosanena tsiku lake lothera.

Anadwala masabata ochepa chabe. Lachisanu lomaliza anatuma mdzukulu wawo wamkazi kudzatenga pepala ku ofesi, ndipo linabwerako madzulo lili ndi mizere iwiri yodula, yokhotakhota, koma yodula moyenera. Pa maliro panabwera lole ya a Jafali yodzaza anthu a ku Thambani.

Chaka chonsechi ndakhala ndikutengulira ndekha. Alendo amakono abwera awiri, ndawayesa monga ankachitira, ndadula mizere yanga yambiri popanda kumva kuwawa. Koma ndikafika pa mzere wa maso uja ndimadumpha. Ndiye Lachisanu lapitali, phokoso la madengu lili panja, ndinati lero ndi lero. Ndinasindikiza kabuku, ndinatenga bolopeni yawo m'kabati, ndinaika nsonga papepala. Pomwepo ndinakumbukira tsamba loyamba. Wolemba mzerewu sindingamufunsenso. Nanga owatetezawo ndi ndani, poti ine ndimadziwa mmodzi yekha?

A Jafali analowa kudzatenga m'ndandanda wa ulendo. Ndinawafunsa ngati pali vuto nditachepetsa zilembo, kuti zonse zizikwana pa tsamba limodzi. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Muchepetse? A Injiniya, pepala lokhalo limene ndimatha kuwerenga ndekha m'Mwanza muno ndi lanuli. Za kusitolo amandiwerengera ana."

"Bwanji simunanene?"

"Ndinene kwa ndani? Malemu ankadziwa. Kawafunseninso a Nabanda, nawonso ndi chimodzimodzi."

Anatenga pepala lawo, anatuluka, lole inalira, anthu anakuwa ndi chimwemwe. Ine ndinatsala ndi bolopeni m'manja. Mzere sindinaudule. Koma chifukwa chake chinali chitasintha, ndipo kabuku sikasunga chifukwa chakufa. Ndinalemba kuti ndi maso a a Jafali, a a Nabanda, ndi a ena amene sananene. Kenako ndinadutsitsa bolopeni pa dzina la Mayi Sandalamu, kamodzi, mowongoka, monga ankafunira. Misozi imene inandikanika ku maliro inabwera pamenepo.

Mpando wawo ukadali pawindo, ndi kapilo kake kophwatalala mbali imodzi. Palibe anaukhalapo, ngakhale pa msonkhano mipando ikachepa. Pawindopo palibenso makoko ouma, pangotsala banga pamene ankawasanjika. Laputopu ija timaigwiritsabe, chilembo E timachita kudina kamphira ndi chikhadabo. Pepala la Lachisanu lapitali ndaliika pampandopo, bolopeni pamwamba pake kuti mphepo ingaliulutse. M'kabuku monse dzina lawo mulibenso, koma a Jafali amawerenga pepala lawo la ulendo ali chiimire pakhomo, osavala magalasi.